Funsani Azakhali: "Ndatopa, koma kuchipatala akuti sindikudwala"

Makalata ndi ma mesenji a mwezi uno ambiri akulira chinthu chimodzi olo olembawo sadziwana, wina ali mkalasi, wina mushopu ku Limbe, wina ku Joni, wina pakhomo ndi odwala. Tulo sakugona, mutu ukuwawa, mtima ukugunda, akapita kukayezetsa malungo sakupezeka nde amangopatsidwa Panado nkubwerera. Ndasankhapo asanu, maina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

Azakhali,
Ndine mphunzitsi wa ku pulaimale kuno ku Mchinji ndipo ndagwira choko zaka 14. Kale ntchito imeneyi ndinkaikonda zedi moti ndinkafika pasukulu ana asanayambe nkusesa komwe. Pano kukacha ndimangoyang'ana kudenga osafuna kudzuka, Lamulungu madzulo mtima umayamba kugunda ndikangokumbukira zoti mawa ndi Lolemba. Mkalasi mwanga muli ana 130, makope oti ndichonge ndimachita kumangirira pa njinga kupita nawo kunyumba, kuphatikiza ma sikimu ndi ma lesson plan, salale ikalowa ma loni amadula nde yotsalayo pofika pa 10 yatha. Chomwe chikundiopsa nchoti ndayamba kunyansidwa nawo anawo, sabata yatha ndinakalipira kamtsikana ka sitandade 3 chifukwa chongofunsa funso mpaka kanalira, ineyo chisoni osamva olo pang'ono. Anzanga akuti ndi ulesi wa ukalamba, kutchalitchi akuti ndi mzimu wofooketsa ndisale kudya. Kodi chandichitikira nchani?
Mphunzitsi wotopa, Mchinji

Aphunzitsi,
Ulesi ayi. Munthu waulesi sakanatha zaka zonsezo akufika pasukulu ana asanasese. Zomwe mwalembazi azachipatala amazidziwa bwino, mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linazilemba m'buku lake la za matenda lotchedwa ICD-11 ndi dzina loti burnout, linati zimamugwera munthu amene wakhala akupanikizika kuntchito nthawi yaitali popanda chosintha. Zizindikiro anatchula zitatu, kutheratu mphamvu, mtima kuchoka pa ntchito mpaka kuyamba kuipidwa ndi anthu omwe ukuwatumikira, komanso kumaona ngati palibe chomwe ukuphulapo. Ziwiri zoyambazo zili mkalata yanu poyera, chachitatucho ndikukhulupirira mumachimva mukamachonga makope aja usiku.

Mthupi mwanu mukuchitika izi. Munthu akakumana ndi choopsa thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, shuga amakwera m'magazi, minofu imakungika kuti uthawe kapena udziteteze, choopsacho chikadutsa zonse zimabwerera m'malo mwake. Tsono kalasi ya ana 130 siidutsa, ngongole siidutsa, mawa zilipo mkuja zilipo nde thupi limangokhala lili tcheru usana ndi usiku kwa miyezi kenako zaka. Mapeto ake ndi tulo tosagwira, mutu, khosi ndi mapewa kuuma, m'mimba kuotcha, BP kukwera, kuiwalaiwala ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono ngati funso la mwana. Chisoni chomwe simunamve chija sichinafe ayi, mtima wotopa umadzitsekera kuti usapwetekenso.

Ndipo musadzitenge ngati vuto ndinuyo. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, pomwe ana oposa miliyoni imodzi anawonjezekera m'masukulu nthawi imodzi, aphunzitsi ndi makalasi sanakwanirepo. Mlingo womwe boma limafuna ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, inuyo muli ndi 130, ndiye kuti mukugwira ntchito ya anthu awiri pa malipiro a munthu mmodzi, malipiro akenso oti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anachepa mphamvu mmanja mwanu momwemo. Aliyense atakhala pamenepo atopa basi.

Nde pitani kuchipatala koma ulendo uno musakangoti mutu, kawauzeni zonse mwandiuzazi, akuyezeni BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi chifukwa kuchepa magazi nakonso kumafoola chimodzimodzi. Kenako khalani pansi ndi ahedi muwauze mosabisa kuti zakukulirani, masukulu ena amagawa kalasi pawiri kapena aphunzitsi awiri amagawana maphunziro mkalasi imodzi, ngati ahedi sakumva a PEA, alangizi oyang'anira masukulu a pulaimale m'dera lanu, alipo ku ofesi yawo ku TDC ndipo ntchito yawo ndi yomweyo. Makope 130 simungachonge onse tsiku ndi tsiku, chongani gulu limodzi lero lina mawa, zina muzichongera limodzi ndi ana pa bolodi, ndipo makope asamalowe kuchipinda chogona. Holide ikabwera ndikudziwa kuti kumunda kukudikira ndi ma part time omwe, komabe patulani masiku angapo oti simukhudza choko kapena khasu. Za loni ndingoti musatengenso ina yobwezera inzake, dzenje limenelo limangokula.

Kupemphera pempherani ndithu, koma thupi lofooka kale kulimana chakudya nkuliwonjezera mavuto. Kamtsikana kaja kaitaneni pambali mukauze kuti funso lake linali labwino, zikathandiza iko ndi inu nomwe. Mukaona kuti kusakondwaku kwafalikira pa zonse, nsima siikukoma, kukwaya kapena kumpira simukufunanso, olo pa holide sizikusintha mpaka masabata awiri kupita mtsogolo, amenewo akhoza kukhala matenda a dipuleshoni ndipo ali ndi chithandizo chake, m'zipatala za m'maboma muli anamwino ophunzira za matenda a maganizo, kafunseni.

Azakhali,
Ndili fomu 4 pa CDSS ina kuno ku Ntcheu ndipo MSCE yayandikira. Kwathu ndine woyamba kufika fomu 4, adadi anagulitsa mbuzi zonse kuti andilipirire fizi ndi ya mayeso nde tsiku lililonse amati iweyo ndi amene udzatichotse mu umphawi. Ndimawerenga mpaka 2 koloko usiku nditaviika mapazi mu beseni ya madzi kuti ndisagone kenako ndimadzuka 4. Koma pa mock nditangotsegula pepala la Biology mmutu munangoti mbee, zinthu zoti ndimazidziwa bwinobwino, manja kunjenjemera thukuta kamukamu. Anzanga akuti alipo wandilodza. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikadzalephera bola kungofa kusiyana nkukawaona nkhope adadi.
Mtsikana wa fomu 4, Ntcheu

Mwanangu,
Ndiyambira mawu ako omalizawo chifukwa ndi amene andigwira mtima kuposa Biology. Maganizo oti bola kufa usawasunge wekha olo tsiku limodzi, lero lomwe uuze munthu wamkulu amene umamukhulupirira, kaya ndi amayi, kaya mphunzitsi wachizimayi, kaya azakhali ako, uwauze mmene wandiuzira ine. Ukhozanso kuimba 116, ndi nambala yaulere yothandiza ana ndi achinyamata. Adadi ako mbuzi akhoza kuwetanso zina, iweyo sangakupezenso kwina, ndipo ndikukutsimikizira kuti atamva zomwe zili mumtima mwakozi akhoza kugwidwa mantha kuposa kumva kuti walephera.

Palibe wakulodza. Ukugona maola awiri okha pomwe munthu wa msinkhu wako amafunika maola 8 mpaka 10, ndipo zomwe wawerenga masana zimakhazikika mu ubongo nthawi yomwe uli mtulo, nde ukamaviika mapazi m'madzi ukudzibera wekha zomwe wavutikira kuwerenga. Kuwonjezera apo mantha akakula, timadzi tomwe ndawafotokozera aphunzitsi pamwambapa timasokoneza mbali ya ubongo yokumbukira zinthu, nchifukwa chake ukatuluka mu holo mayankho onse amabwera okha uli panjira. Sikuti suli wanzeru, mutu wako watopa komanso ukuopa.

Beseni ija ibwerere kubafa. Uzigona pofika 10, ngati ukufuna kuwerenga mbandakucha dzuka 5, werenga mphindi 40 kapena 50 nkupumira pang'ono, ndipo mmalo mongobwereza notsi uzitseka kope nkudzifunsa wekha kapena kuyankha ma past paper a MANEB ukuyang'ana wotchi, mukhale atatu kapena anayi muzifunsana. Ukazolowera kuyankha nthawi ikuthamanga, tsiku lenilenilo thupi silidzadzidzimuka kwambiri. Usamalowe mayeso ndi njala olo kaphala kokha. Zikakugwiranso mu holo ika cholembera pansi, koka mpweya pang'onopang'ono nkuutulutsa mochedwa kangapo, kenako yamba ndi funso lomwe ukuliona lophweka.

China chomwe akulu sakuuzani ana inu, MSCE si khomo lotseka kamodzi. Anthu amabwereza pa open kapena kulemba ngati external nkupeza ma credit 6 aja kuphatikizapo English omwe ku yunivesite amafuna, ena amapita ku ma technical college ngati Namitete, Nasawa, Soche kapena Salima ndipo lero akudyetsa mabanja ndi luso la manja awo. Sindikunena kuti ulephera, ndikungochotsa phiri lomwe waliika pa pepala limodzi. Makolo amene mukuwerenga, mawu oti iweyo ndi amene udzatipulumutse mumawanena mwachikondi koma kwa mwana wa zaka 17 ndi katundu woti sagona naye tulo, muzimuuzanso kuti zivute zitani pakhomo pano ndi pako.

Azakhali,
Ndimagulitsa mushopu ina ku Limbe, timalowa 7 mmawa kutuluka 7 madzulo Lolemba mpaka Loweruka, Lamulungu mpaka 1 koloko. Chaka chachitatu chino tchuthi sindinapiteko, ovataimu kulibe, tsiku lonse chiimire moti miyendo imatupa. Ndikafika kunyumba ana amakhala atagona, mkazi wanga akuti ndasanduka mlendo. Ndikadandaula bwana amati panja pali anthu ambiri ofuna ntchito. Nditani?
Wogulitsa mushopu, Limbe

Achimwene,
Apa mankhwala ake si Panado, ndi lamulo. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, opitirira pamenepo ndi ovataimu yoti mulipidwe, komanso mukuyenera kukhala ndi tsiku lathunthu lopuma sabata iliyonse. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pa chaka, wogwira masiku 5 ali ndi 15. Inuyo mukugwira maola oposa 70, nde kutupa miyendo ndi kusowa pakhomo sizodabwitsa.

Bwanayo akudziwa kuti mumaopa kuchotsedwa nchifukwa chake amayankhula choncho, ndipo manthawo ndi omveka sinanga ntchito zikusowadi. Musalimbane naye nokha. Yambani kulemba mu kakope nthawi yolowa ndi yotuluka tsiku lililonse, sungani chilichonse chosonyeza malipiro anu, mugwirizane ndi anzanu mupemphe limodzi mwaulemu kuti muzisinthana Lamulungu ndi tchuthi. Zikakanika pitani ku ofesi ya Labour, kudandaula kumeneko nkwaulere, ndipo pamwamba pake pali khoti la Industrial Relations Court. Akazi anuwo auzeni zonsezi kuti adziwe kuti simukuwathawa.

Azakhali,
Ndili ku Johannesburg chaka chachisanu, ndimatsuka mbale ndi kuthandiza kukhitchini mu lesitilanti ina, kwathu ndi ku Balaka. Ndimagona kachipinda kamodzi ndi anzanga awiri kuti lendi ichepe. Vuto langa ndi foni. Ikangolira ndimadziwa kuti ndi ndalama, mkazi wanga akufuna ya ana, amayi ya feteleza, achemwali fizi ya ana awo, malume akudwala, kwagwa maliro bokosi ndi ine, olo msuweni amene sitinayankhulanepo zaka amangoti man tiponyereniko kangachepe. Ndikalandira ndimathamangira ku Mukuru ndikutsala ndi ya thiransipoti yokha, nyumba yomwe ndinabwerera kuno ikadali pa windo. Pano ndayamba kumwa tsiku lililonse ndikaweruka kuti ndigone, foni ndimazimitsa, kumutu kumalemera ndipo pena mtima umagunda ngati ndikufa. Sindingawauze kuti zandivuta, aziti mwamuna wanji, ena aziti wapeza mkazi wina ku Joni.
Bambo wa ana atatu, Johannesburg

Bambo,
Kalata yanu ndaiwerenga mtima ukuwawa chifukwa ofanana nanu ndi ambiri, ku Joni, ku Cape Town, ku UK komwe ena akusamalira okalamba usiku wonse, olo konkuno ku Lilongwe amene ali pantchito yekha pa mtundu wonse. Njinga ya kabaza ikhale yolimba bwanji, ukamaikweza matumba atatu tsiku ndi tsiku masipoko amayamba kuduka limodzilimodzi, mowa wa tsiku lililonsewo, foni yozimitsayo ndi mtima wogundawo ndi masipoko amene ayamba kale.

Abale anuwo sikuti ndi oipa. Feteleza wakweradi, chimanga chimavutadi ikafika January ndi February, ndipo kuthandizana ndi kumene kwatisunga ife ngati mtundu. Koma iwowo akuona ma Randi, sakuona kachipinda ka anthu atatu kaja, chifukwa inuyo simunawaonetsepo. Mukamatumiza nthawi zonse osanenapo kuti zavuta, iwo amaganiza kuti zilipo zambiri, nde mukazimitsa foni amadzaza okha nkhaniyo ndi za mkazi wina. Chinsinsi chomwe mukusunga kuti akulemekezeni ndi chomwe chikukudwalitsani komanso chikuwononga banja lanu.

Yambani ndi mayi a kunyumba. Aimbireni tsiku lomwe simunamwe, auzeni ndalama yeniyeni yomwe mumalandira, lendi, thiransipoti, chakudya, ndi yomwe imatsala, muwauzenso kuti simukugona. Awiri inu mugwirizane kuti pamwezi ya ana ndi iyi, ya amayi ndi iyi, ya nyumba ndi iyi ndipo siikhudzidwa, kenako kandalama kochepa ka zadzidzidzi, kakatha katha. Mukatero pemphani mkulu mmodzi wa kubanja amene mawu ake amamveka, kaya ndi malume ena kaya ankhoswe, akhale pansi ndi abale olo pa gulu la WhatsApp awauze kuti zopempha zizidzera kwa munthu mmodzi ndipo maliro ndi matenda azisonkherana onse, wopanda ndalama apereke chimanga, nkhuni kapena mphamvu zake. Mutu umodzi susenza denga. Alipo adzakwiya, msuweni uja mwina adzakutchulani odzikonda, mulekeni akwiye. Mukagwa ndi sitiroko kukhitchiniko onse aja adzasowa kolowera, kuyambira ana anu atatu.

Mowa umagonetsa msanga koma tulo take ndi tosapumitsa, umakudzutsa pakati pausiku, umakweza BP ndipo mmawa nkhawa imabwera yochuluka kuposa dzulo, ndalama ya njerwa nayo ikuthera momwemo. Ngati mwafika poti mukapanda kumwa manja amanjenjemera musasiye mwadzidzidzi panokha, pitani ku kiliniki akuthandizeni kusiya bwinobwino. Kukiliniki komweko akayezeni BP ndi mtima, kugunda kodzidzimutsa komwe munthu amaona ngati akufa kawirikawiri kumabwera ndi nkhawa yoopsa koma ayambe aona adokotala. Ku South Africa kulinso bungwe la SADAG lomwe lili ndi manambala aulere oimbapo munthu akapanikizika maganizo. Mupezenso anthu, kaya ndi mpingo wa a Malawi kaya timu ya mpira ya Lamulungu, malo oti mukafika palibe akupemphani kanthu.

Zoti mwamuna salira zatitengera amuna ambiri kumanda. Malipoti a polisi kuno kumudzi chaka ndi chaka amaonetsa kuti mwa anthu odzipha ochuluka zedi ndi amuna, ndipo zifukwa zomwe zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja, ambiri mwa iwo abale amadzati sitinadziwe kuti zamuvuta. Inuyo mwalemba kalata, ndiye kuti pakamwa mwatsegula kale, chotsatira ndi foni ija kwa akazi anu.

Azakhali,
Apongozi anga aakazi anadwala sitiroko chaka chatha nde anafa ziwalo mbali imodzi, tikukhala nawo kuno ku Ndirande. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza usiku, kuchapa zofunda akadziipitsira, zonse ndi ine. Ndili ndi ana anayi, wamng'ono ali ndi chaka, komanso ndimakazinga mandasi 4 koloko mmawa kuti ndipeze yobweza ku banki mkhonde. Alamu anga aakazi alipo atatu koma amangobwera Lamulungu ndi Fanta nkumandiuza kuti amayi aonda. Bambo a kunyumba akabwera amati watopa ndi chani poti umangokhala pakhomo. Tsiku lina ndinapezeka ndikulira kubafa osadziwa chomwe ndikulirira, ndipo Mulungu andikhululukire pena ndimalakalaka gogoyu atangopita. Kodi ndine munthu woipa?
Mayi wa ana anayi, Ndirande

Mayi,
Munthu woipa satembenuza apongozi ake usiku kuti asatuluke zilonda. Maganizo mwawatchulawo amawabwerera anthu ambiri osamalira odwala nthawi yaitali, kungoti sanena, ndipo chomwe mtima wanu ukulakalaka si imfa ya gogo koma kupuma. Mukugwira ntchito ya namwino, ya mlezi, ya geni ndi ya pakhomo, yopanda malipiro yopanda Lamulungu, tulo take toduladula, nde misozi ya kubafa ija ndi thupi lomwe likunena kuti lafika pamapeto. Zikapitirira chonchi mkaka wa mwana, BP yanu ndi chisamaliro cha gogo yemweyo zonse zivutika.

Mawu a bambowo andipweteka. Ntchito ya pakhomo siioneka chifukwa ikagwiridwa bwino pamangooneka poyera basi. Musakangane nawo ali wotopa pobwera kuntchito, sankhani Loweruka muwapemphe kuti tsiku limodzi lokha akhale ndi mayi awo kuyambira mmawa mpaka madzulo inu mupite kwanu kapena kutchalitchi, ambiri amamvetsa akagwira okha thewera la munthu wamkulu. Awa ndi amayi awo, ndipo ndi iwowo, osati inu mtengwa, oyenera kuitana alongo awo atatu aja nkuwauza kuti tigawane masiku. Wina Lachiwiri, wina Lachinayi, wina agone konko Loweruka kuti inu mugone usiku wathunthu, amene sangathe kubwera apereke ya sopo, matewera kapena ya munthu wochapa. Akakana nkhaniyi ipite kwa ankhoswe, ndi nkhani ya banja lonse.

Muli ndi mwayi kuti muli mu Blantyre. Ku Kachere Rehabilitation Centre pafupi ndi chipatala cha Queens amaphunzitsa odwala sitiroko mafizo komanso amaonetsa owasamalira kanyamulidwe kosapweteka msana, gogo akayamba kudzidyetsa okha kapena kukhala tsonga katundu wanu achepa. Ku Queens komweko kuli kiliniki ya Tiyanjane yomwe imathandiza odwala matenda okhalitsa pamodzi ndi mabanja awo. Amayi a Mvano, a Dorika kapena a kumphakati, malinga ndi komwe mumapemphera, musamangowalandira kuti aimbe nyimbo nkumapita, auzeni kuti chomwe mukusowa ndi munthu wokhala ndi gogo maola awiri kuti mugone, ambiri amafuna kuthandiza koma sadziwa pogwira.

Ku banki mkhonde kawauzeni anzanu mmene zilili mupemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono, mukamaliza iyi musatengenso ina mpaka zinthu zitakhazikika, ndipo a katapila musawayandikire. Popita kusikelo ndi mwana mukawauze anamwino za kulira kuja ndi kusagona, akuyezeni BP ndi magazi, chifukwa mayi amene ali ndi mwana wa chaka chimodzi amathanso kukhala ndi dipuleshoni yomwe inayamba atangobereka osaizindikira. Mundilemberenso mwezi wamawa mundiuze zomwe alamu anuwo ayankha.